Hedi ya Pampu ya Apongozi

Lolemba, 9 Okutobala 1995

Pampu yafa. Ndalemba kuti ndione ngati nkhaniyi ichepa ikakhala papepala, koma ayi, sikuchepa.

Pampuyo si yanga. Ndi ya Madala, atate ake a Belita mkazi wanga, yofiira ija ya petulo imene imakoka madzi mumtsinje kuthirira dimba lawo la matimati. Dzulo ponyamuka ulendo wa ku Shikabeta kukaona mng'ono wawo wodwala, anaima pakhomo panga n'kunena kuti, "Muisamale ngati mwana, apongozi." Aka n'koyamba kundisiyira. Zaka zonse zimene ndakhala pachikamwini kuno ku Chinyunyu, ntchito yanga pa pampu yakhala kunyamula paipi basi.

Ndiye ndaisamaladi ngati mwana! Dzuwa la lero si lamasewera. Ndaiona ikugwira ntchito pamtetete, yokhayokha, chisoni chandigwira. Ndatenga masaka, ndaifunditsa bwinobwino mbali zonse kuti isapse, ine ndapita kumapeto kwa mizere ndi paipi. Posakhalitsa ndikumva mawu asintha. Ikutsamwa. Kenako fyuu, fyuu, kenako zii. Pofika ndapeza saka likufuka utsi, injini yosakhudzika, kununkha ngati poto woiwalika pamoto.

Ndakoka chingwe mpaka phewa lauma. Chikubwera chopepuka, chopanda mphamvu, ndipo mpweya ukutulukira m'mbali.

Ndaikweza pa wilibala, masaka omwewo pamwamba, ndadzera njira ya kumanda kuti ndisakumane ndi munthu, mpaka kwa ba Sakala okonza matayala pamsewu waukulu. Iwo anagwirapo ntchito pagaraji ku Lusaka, amatero okha. Aseka mpaka kukhala pansi. "Injini iyi imazizira na mphepo, imwe mwaivalika jekete mu Okutoba!" Akuti chapindika ndi hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini pamene pamalowa pulagi. Ku Lusaka kuli makina oisalaza, koma kumeneko zinthu amaziika pamzere, ikhoza kukagona mpaka mwezi wamawa. Ine nthawi imeneyo ndilibe.

Zimene zikundidya mumtima:

— Malume akubwera Lamulungu kuchokera ku Katete kudzandipemphera chitengwa, kuti ndimutenge Belita ndi ana tizikakhala kwathu. Uthenga unayenda kalekale, palibe njira yowaimitsira.

— Munda wa kwathu. Amayi aulondera mokwanira. Anandiuza kuti ndikapanda kuulima mvula ino, abale aupereka kwa msuweni wanga Yohane, ndipo Yohane akagwira chinthu sataya.

— Madala sakalipa. Akanakhala okalipa bwenzi mtima uli m'malo. Amangomuyang'ana munthu nthawi yaitali, kenako n'kumufunsa ngati wadya.

Ba Sakala akuti osayopa, ntchitoyi imachitika ndi manja pakhomo. Pafunika galasi, sandipepa ndi madzi, n'kumapukusa hediyo pagalasipo mozungulira ngati ukulemba 8. Dongosolo ndi ili: mawa kumasula, Lachitatu kusalaza, Lachinayi kumanga, Lachisanu madzi m'dimba. Madala akubwera Lamulungu m'mawa, adzapeza pampu yawo ikuimba. Palibe adzadziwe kupatula ine, ba Sakala ndi Mulungu. Amene ndikuwakayikira pakamwa ndi ba Sakala.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Ndalawirira kukathirira ndi makheni. Dimba limeneli ukaliona uli ndi paipi m'manja limaoneka laling'ono. Ndathirira mizere ya kufupi ndi njira, imene anthu amaiona akamadutsa. Inayo ndaipepesa.

Pampu ili m'nyumba mwathu kuseri kwa chitseko. Belita waiona, wandiyang'ana, wafunsa ngati ndi maliro kapena matenda. Ndati matenda.

Apongozi aakazi ali pakhomo, sanapite nawo ku Shikabeta. Iwo ndi ine sitilankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira ine ndimalowa muudzu, iwo amayang'ana kumbali, ndipo mawu awo onse amadzera mwa Belita. A lero ndi awa: bwanji pampu sikumveka? Ndayankha kudzera momwemo kuti ikupuma. Yankho labwera msanga: yatopa ndi chiyani?

Kumasula. Sipanala ndabwereka kwa ba Sakala. Ndayamba ndi pemphero. Mabauti ndawandandalika pa lichero m'mene analili pa injini kuti ndisasokoneze, koma nkhuku yalowa, yalumphira pa lichero lomwelo. Potolera ndikuona kuti ena ndi aatali, ena aafupi, ndipo sindikukumbuka kuti lalitali linali pati.

Hedi yatuluka. Kanthu kakang'ono! Kokwana m'manja awiri, kachitsulo koyera kofewa konga ka mapoto, kunsi kuli bii ndi mwaye. Ulendo wanga wonse wa ku Katete uli pa kanthu aka. Ndapala mwaye ndi supuni. Ndaika rula yachitsulo ya ba Sakala pamwamba pake n'kuyang'anira padzuwa monga anandiuzira. Kuwala kukudutsa pakati, kochepa ngati tsitsi limodzi. Tsitsi limodzi lokha! Mtima wakhalako pansi.

Zofunika:

— Sandipepa. Ndaipeza kwa mkulu wokhoma mabokosi a maliro kuseri kwa msika. Pondipatsa wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Sindinakonde.

— Galasi. Ba Sakala ali nalo, windo la basi ina imene inagwa kumapiri kuja kalekale. Amafunditsira anapiye. Ndafunsa ngati m'basimo munafa anthu. Ati, "Osati ba pa windo iyi."

— Madzi. Awa okha ndiwo sanandivutitse.

Ndayamba madzulo, chitseko chotseka. Shwe, shwe, shwe. Sindinadziwe kuti 8 amalira chonchi, phokoso likumveka mpaka kukhola. Ndamupempha Belita asinje chilichonse panja kuti mtondo uphimbe. Wasinja chimanga chimene sitikuchifuna sabata ino, ndipo musi amaumenya ngati akumenya ine.

Lachitatu, 11 Okutobala

Tsiku lonse 8.

Ndapaka mwaye wa nyali kunsi kwa hedi kuti ndiziona pamene pakudyeka. M'mbali ukuchoka msanga, pakati wakana. Ndalimbikira. Zala zapereseka, maondo auma, Lute mwana wanga wasuzumira pazenera n'kufunsa ngati ndikupera nchewere. Ndamuthamangitsa. Chakumasana mwaye wachoka ponse, hedi yawala mbee kuposa tsiku limene inagulidwa. Ndinatsala pang'ono kuipsompsona.

Rula.

Dzulo kuwala kumadutsa pakati, kochepa. Lero kukudutsa mbali ziwiri, ndipo chikhadabo changa chikulowa mosavuta. Rula ikugwedezeka pakatikati ngati thabwa losewerera ana. Ndaitembenuza. Ndaipukuta. Ndaganiza kuti mwina yapindika ndi rula. Ndatseka diso lina, ndayang'ana ndi linzake. Onse awiri akugwirizana.

Belita walowa ndi matimati a ndiwo, waika limodzi m'mphepete mwa galasi. Lagubuduka lokha mpaka pakati, laima. Waika lina mbali inayo, nalonso latsatira mnzake. "Atate ake Lute, galasi lanuli ndi mbale." Ndazindikira mochedwa kuti basi si nyumba, m'mbali mwake ndi mopindika, ndipo mawindo ake amatsatira. Ndathera tsiku lonse kuumba phiri pakati pa hedi ya Madala.

Ba Sakala akuti iwo ananena galasi lowongoka. Nanga lopindikali anandipatsa ndani? Akuti anandipatsa galasi, maso sanandilande. Ndikanawayankha, koma sipanala ndi yawo.

Magalasi owongoka amene ndikuwadziwa dera lino:

— Mawindo a kutchalitchi. Timizere tating'ono, komanso ndi a Mulungu.

— A kusukulu. Anatha kalekale, kwatsala mafelemu.

— La pa chithunzi chathu cha ukwati. N'laling'ono kuposa hedi.

— Kalilole wa apongozi aakazi.

Kaliloleyo ndi wamkulu, wochindikala, Madala anabwera naye kuchokera kumigodi. Amakhala pakhoma kuchipinda kwawo kogona, pafupi ndi windo la kuseri. Ndinamuona kamodzi ndili padenga tikufolera, ndipo ndinatseka maso nthawi yomweyo. Masiku ano ndi wofunditsidwa chitenje chifukwa mitambo yayamba kuoneka, amaopa mphezi. Belita akuti amamuvundukula pomanga duku la kutchalitchi pokha, Lachinayi m'mawa ndi Lamulungu.

Kuchipinda kwa apongozi! Ngakhale Belita, mwana wobadwira m'nyumbamo, sanapondemo kuyambira pamene anatha msinkhu. Mkamwini akalowa m'menemo, nkhani yake imakambidwa pamaliro ndi paukwati mpaka zidzukulu zake zimaimva.

Belita waona pamene maso anga akupita. "Musayerekeze. Kuganiza chabe, ndikauza amayi." Ndamulonjeza kuti sindipondamo. Mawu amenewo ndawasankha bwino.

Matimati a kumapeto agwetsa mitu, ndipo maluwa ayamba kuyoyoka. Ndathirira mpaka msana wakana.

Lachinayi, 12 Okutobala

Lero pa dongosolo langa ndi tsiku lomanga. Ha!

Amayi onse apita kumsonkhano wawo wa kutchalitchi, Belita ndi apongozi pamodzi, mabulauzi oyera, ana pambuyo. Mudzi uli zii, kwatsala ine ndi mbuzi.

Ndaganiza bwinobwino. Munthu amalowa m'nyumba ndi mapazi. Mapazi akakhala panja, munthuyo ali panja. Chibadwire sindinamvepo mlandu wa mikono.

Ndagubuduza mtondo mpaka kuseri kwa nyumba yawo, ndauzondotsa, ndakwerapo. Windo n'lathabwa, laling'ono, lotsekera ndi kamsomali kopinda. Ndalowetsa mikono. Mutu watsatira wokha, mapewa nawonso. Ndimati nditseka maso, koma munthu sangachotse kalilole pamsomali ali chitsinzinire. Ndaona:

— bedi;

— nsapato za Madala za kutchalitchi, zoyang'ana kwa ine;

— zinthu zina za apongozi aakazi zoyanikidwa pachingwe, zimene sindilemba.

Mulungu andikhululukire, ndaona zonse.

Pamsomali ndapachika lichero, chitenje chija pamwamba. Kalilole waoneka wozungulira pang'ono, koma m'chipindamo ndi mwamdima. Mbuzi imodzi yandipenyerera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osatafuna ngakhale kamodzi. Pobwerera ndayenda chowerama, kalilole ali m'masaka.

Kusalaza pa kalilole n'kwina. Sandipepa sikuphimba ponse, ndiye m'mbali ndikudziona nkhope. Sindinadziwe kuti munthu wamantha amaoneka chonchi, pakamwa yasa, maso tong'o, thukuta likudontha kumphuno. Ndikapukusa nayenso akupukusa, ndipo akundiyang'ana ngati munthu woti akandinenera. Ndamuphimba ndi mpango wa Belita.

Phiri lonse la dzulo liyenera kugwa. Madzi akutuluka otuwa ngati a phulusa, ndipo ndikudziwa kuti chimene chikutulukacho ndi chitsulo cha Madala. Hedi yapepuka, ndikuimva m'manja. Kamphepo kakagwedeza chitseko ndikulumpha. Galu wauwa kutali, ndabisa zonse, kenako ndatulutsanso.

Rula. Kuwala kulibe! Ndaiika chopingasa, chautali, chapangodya, paliponse yagona phee. Ndavina pang'ono, mapazi okha, mosachita phokoso.

Kenako ndanyamula sandipepa. Inang'ambika pakati, sindikudziwa kuti nthawi yanji. Pa kalilole pali ma 8. Ambiri, ooneka bwino, ena pamwamba pa anzawo, pamalo enieni pamene pamakhala nkhope ya munthu. Ndapukuta ndi malaya. Ndapaka malovu. Alipo.

Nyimbo za amayi zamveka panjira ndisanaganize chochita. Kalilole ali pansi pa bedi lathu, m'masaka omwe aja. Masaka amenewa ndidzawatentha.

Lachisanu, 13 Okutobala

Apongozi aakazi akhala kuseri kwa nyumba yawo tsiku lonse, pansi pa windo lomwe lija, akusenda mtedza. Chikhalire changa pano sindinawaonepo atakhala kumeneko. Afunsa kudzera mwa Belita kuti ndani anasuntha mtondo. Ndati mbuzi.

Zimene ndayesa pa ma 8: mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano, phulusa, pemphero. Phulusa lawonjezera ena.

Kumanga. Pakati pa hedi ndi injini pamakhala gasiketi, kachitsulo kopyapyala kotseka mpweya. Yatsopano kulibe kuno, ba Sakala ati yakale yomweyo ndiipake penti ya siliva. Mabauti akuti amamangidwa modumphitsa, ili, kenako la kutsidya kwake, osati motsatana. Aatali ndi aafupi ndawagawa mwachilungamo. Limodzi lakana kufika pansi. Ndalowetsa sipanala m'kapaipi kuti mphamvu ichuluke, ndalikakamiza, lalira kuti tee, kenako lavomera. Ndapita kwa ba Sakala kukafunsa za kulirako. "Chitsulo chimakamba, musachiyankhe." Ndiye andifunsa kuti galasi labwino ndalipeza kuti. Ndati kwa munthu. Amwetulira mosandisangalatsa.

Pobwera ndapeza Belita wasesa pansi pa bedi.

Sanakuwe. Wakhala pansi, tsache pamiyendo, wati chapansipansi, "Munalonjeza." Ndafotokoza nkhani ya mapazi, mwatsatanetsatane. Wandiyang'ana m'mene amayang'anira atate ake. Sindinadziwe kuti nayenso amatha. Kenako wandionetsa katoni pangodya, yomangidwa ndi luzi. Ndi mapoto ake, anamanga kale sabata yatha, a ku Katete. Apa ndamva manyazi enieni, osati mantha okha.

Kudimba tapita tonse awiri. Mizere ya kumapeto sikufunanso madzi.

Uthenga wa madzulo kuchokera kunyumba yaikulu: mawa ndifuna kumva pampu.

Loweruka, 14 Okutobala

Wilibala, njira ya kumanda, mtsinje. Masaka ndawasiya kutali.

Chingwe chalimba kwambiri, chikukoka ngati ng'ombe yosaphunzira goli. Koyamba chabwerera n'kundikwapula pachala. Kachiwiri yatsokomola. Kenako yalira! Paipi yadzuka, madzi atuluka, dothi lanunkhira! Ndaimba nyimbo ya m'buku, mokweza, kuti kunyumba yaikulu amve zonse ziwiri. Mawu a pampu okha ndi okwera kuposa kale, ndipo mkati muli kakugogoda, go, go, go, ngati mlendo waulemu pachitseko. Ndati mwina ndi mphamvu zatsopano.

Madzi afika mizere yoyamba. Kenako phaa!

Hedi yang'aluka kuchokera pa bauti lija linalira mpaka pa pulagi. Utsi ukutulukira pamng'alu, woonda, wowongoka. Ndakhala pansi m'matope. Ba Sakala amva kuphulikako ali pamsewu, abwera kudzaona, manja kumbuyo. "Mwaidya maningi. Yasala monga chitumbuwa." Ndiye kuti ndinaipukusa kwambiri, yatsala yopyapyala. Hedi ina akuti mwina ku Lusaka, mwina ku Joni. Sipanala yawo atenga.

Pampu yapita, ndati ndipulumutseko kalilole. Apongozi aakazi atamva pampu ikulira m'mawa ananyamuka ndi Belita kukachapa kukasupe wa madzi otentha. Mtondo, windo, mikono, mutu. Koma kutsitsa chinthu pamsomali ndi kwina, kuchipachika ndi kwinanso, kumafuna munthu wamtali. Ndadzikoka mpaka m'chiuno. Mtondo wagubuduka. Lamba wakodwa pa kamsomali kopinda kaja.

Miyendo ili m'malere panja, kalilole ali m'manja mkati, pansi pali simenti. Kumusiya ndi kumuswa. Kutsogolo sindingapite, ndi kuchipinda kwa apongozi. Kumbuyo lamba wakana.

Ndamva kutsokomola panjira. Ndimakudziwa, n'kwa Madala. Mng'ono wawo wachira msanga, munthu wosaganizira anzake. Mapazi abwera mpaka kuseri, aima. Aima nthawi yaitali.

"Mwachoma bwanji, apongozi?"

Ndayankha. Nanga ndikanatani? Ndati tachoma bwino, kaya iwo, nanga odwala awasiya bwanji. Ulemu wonse ndaupereka kwa bedi chifukwa ndi kumene kunali nkhope. Kuwomba m'manja kwalephereka.

Azungulira, atsegula chitseko, alowa kuchipinda kwawo, avula chipewa. Alandira kalilole ndi manja awiri. Adziyang'ana, nkhope yawo ili mkati mwa ma 8. Atsitsa lichero pamsomali, nalonso aliyang'ana mbali zonse. Kenako amasula lamba wanga okha n'kundikankha pamapewa, mofatsa, mpaka ndagwera panja.

Za pampu sanafunse. Pochokera kumsewu anadzera kudimba, aiona kale. Madzulo atuma Belita kudzafunsa ngati ndadya. Sindinadye.

Lamulungu, 15 Okutobala

Malume atsika basi ali m'jekete lawo la milandu, tambala kukhwapa. Asanafike kunyumba adziwa kale zonse, chifukwa basi imaima pafupi ndi matayala a ba Sakala. Dzanja sanandipatse. Angoti, "Pawindo?" Ndati ee.

Kutchalitchi duku la apongozi aakazi linali lopendekeka. Amayi onse aliona, kenako onse atembenukira kwa ine.

Titaweruka takhala pansi pa mtengo wa mango. Malume anakonzekera mawu okoma a chitengwa njira yonse ya ku Katete, koma ayamba ndi kupepesa. Ayesako nkhani ya mapazi, ndinawauza ine. Ankhoswe a kwa Belita afunsa kuti nanga maso anali kuti. Nkhani ya mapazi yathera pomwepo. Tambala wa chitengwa walowa pa mlandu wa windo, ndipo wadyedwa lero lomwe.

Kenako chachitika chimene sichinachitikepo. Apongozi aakazi atembenuka, andiyang'ana ine, m'maso, osadzera mwa Belita. "Mwaona kale zonse za m'nyumba mwanga. Nizakubisilani chani? Manje ndimwe mwana wa pano." Amayi ena alulutira. Akuti ndi ulemu waukulu, akamwini ena amaudikira mpaka imvi. Ine ndakumbukira katoni ija ya mapoto a ku Katete.

Madala alankhula pomaliza, motsitsa. Chitengwa sakukana, ati, iwo si anthu okana. Pampu ikadzalira tidzakhalanso pansi. Pakadali pano matimati sadziwa za milandu, amafuna madzi m'mawa ndi madzulo. Palibe amene wafunsa kuti madziwo azibwera ndi ndani.

Ndawaperekeza malume kumsewu. Ndafunsa ngati munda ungadikireko chaka chimodzi. Ati Yohane ananola kale makasu. Ndinafuna kuwapatsa mawu ambiri okawauza amayi, koma chatuluka n'chakuti tili bwino. Basi yapita chakum'mawa, ine ndaiyang'ana mpaka yakhota.

Dzuwa litapepa Madala andiitana kuti tiyendeko pang'ono. Ndati mwina tsopano akalipa, ndipume. Tafika kuseri kwa khola la mbuzi, pa chulu chachikulu. Atapa dothi, alifikisa m'zala, andionetsa. "Dothi labwino ili, apongozi, la njerwa. Kanyumba kanu kaudzu kaja katopa. Mumange yeniyeni, ya zipinda, ya malata." Chikombole ati andibwereka.

Ndagwada, ndawomba m'manja, ndathokoza. Kuumba ndiyamba mawa ndikachoka kothirira.